Mbalule ya Atsibweni

"Lekani, lekani!" anatero a Sakala, akuchotsa singano pa lekodi. "Alfonsi, manja ako akudziwa chochita, koma desikilo sililankhula. Likungoti phwa, phwa, ngati munthu akuomba mphasa."

Anyamata a Sitandade 6 anaseka. Alfonsi Njobvu anabisa manja ake m'khwapa. Zikhato zinali zitafiira.

Linali Lachisanu masana, maphunziro atatha. Tsiku lotere anyamata sankathamangira ku mpira. Ankatsala m'kalasi, n'kuzungulira galamafoni ya a Edmond Sakala, mphunzitsi wachinyamata amene anabwera pa sukulu ya mishoniyo kuchokera ku Migodi ya mkuwa. Anabwera ndi njinga, mkazi woyembekezera, ndi bokosi la malekodi okutidwa m'bulangete. Nyimbo zake anyamatawo ankazimvapo pa makonde a masitolo a amwenye ku Fort Jameson. Ena ankati n'za ku Kongo, ena ankati n'za azungu. A Sakala anawauza kuti onsewo akuphonya.

"Bwerani kuno," anatero tsiku limenelo, akuloza mapu a pakhoma ndi ndodo. "Chilumba ichi chooneka ngati ng'ona yogona ndicho Kyuba. Kalekale anthu akuda anagwidwa kuno, ku mathiriro a mtsinje wa Kongo ndi m'magombe ena akumadzulo. Anawamanga, n'kuwaolotsa nyanja yonseyi kuti akalime nzimbe. Sanatenge khasu, sanatenge mphasa. Koma kaimbidwe ka ng'oma anapita nako, chifukwa kanali m'mutu, ndipo m'mutu sapisamo dzanja."

"Ndiye kuti woimba pa lekodiyu angakhale msuweni wanga?" anafunsa Gabrieli Miti, mnzake wa Alfonsi wa pamudzi umodzi, amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Ndi chipumi chakocho, n'kutheka."

Ataleka kuseka, a Sakala anapitiriza. Anati kumeneko ng'oma inakumana ndi gitala la Asipanya. Anati panali nyengo zina pamene mabwana ankaletsa ng'oma poopa kuti anthu akuitanizana nazo, ndipo anthuwo ankaimba pa mabokosi a nsomba. Kenako zidzukulu zawo zinapita ku New York, n'kupezako anthu akuda a ku Amereka oimba malipenga, nyimbo zija amati jazi. Awa anabwera ndi malipenga, awo anabwera ndi ng'oma, n'kuphika mumphika umodzi. A Sakala anatenga timitengo tiwiri touma n'kutiombanitsa: katatu, kenako kawiri.

"Uwu ndiwo msana wa nyimbo yonseyi. Malipenga angauluke bwanji, amabwerera pano. Ndipo ndinamva kwa mkulu wina wa ku Kongo kuti akale a ku Kyuba ankaotcha ng'oma zawo pamoto kuti zilire bwino."

"Ngati kwathu," anatero Alfonsi mosaganiza. "Amaiwamba pamoto, pakati n'kumata phula."

"Wamva? Tikanakhala ndi ng'oma yeniyeni, mukanamva ndi makutu anu kuti sindikunama."

"Kwa Alfonsi ilipo!" anafuula Gabrieli. "Mbalule yeniyeni, ikungodya mwaye!"

Alfonsi anamuponda chala pansi pa desiki, koma mawu anali atatuluka kale.

Anzake atapita, iye anatsala akuthandiza kupukuta malekodi. Anadikira mpaka womaliza atatuluka.

"Aphunzitsi, ng'oma ija si wamba. Inali ya malemu atsibweni anga. Asanabatizidwe ankaimbira Gule."

"Ng'oma ndi mtengo ndi chikopa, Alfonsi."

"A Hedi sangaone choncho. Za Nyau pano n'zoletsedwa. Ndipo mayeso ali pafupi."

A Sakala anamugwira paphewa. Anali munthu woseka ndi nkhope yonse, ndipo akalankhula, zinthu zolemera zinkapepuka.

"Wakutuma ndine. Wina akafunsa, woyankha ndine. Iwe ntchito yako ndi kuimba basi."

Loweruka Alfonsi anapita kwawo, cha ku Kasenengwa, kukatenga ufa wa sabata monga mwa nthawi zonse. Bambo ake anapita ku Halale iye akukwawa, ndipo sanabwerenso. Amayi ake, a Magalita, ndiwo ankalima nsawa ndi thonje kuti iye akhale pa sukulu. Anamupeza atakwera pa nsanja ya m'kanyumba kophikira, akutsitsa ng'omayo.

"Mlongo wanga anaigoneka yekha imeneyo," anatero ali pakhomo. "Iwe ukuidzutsiranji?"

"Aphunzitsi aipempha, amayi. Ndi ya phunziro. Akuti nyimbo za kutsidya kwa nyanja zinachokera kuno kwathu."

"Zinachokera kuno, ndiye zikufuna kubwerera kudzera mwa iwe?"

"Alonjeza kuti wina akafunsa, ayankha okha."

A Magalita anamuyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja pa chitenje.

"Mawu a munthu wolembedwa ntchito ali ndi mwini wake," anatero. Koma sanamuletse. Anamupatsa thumba la chiguduli kuti aikutire.

Lachisanu lotsatira anasonkha kamoto kuseri kwa kalasi. Alfonsi anaiwamba ng'omayo pang'onopang'ono, akuitembenuza, akuigogoda ndi chala kuti amve ngati chikopa chakungika. Kenako anamata phula la nsatsi pakati, n'kulisalaza ndi chala chachikulu monga ankaonera atsibweni ake akuchita. Anzake anamuzungulira, akuonerera.

A Sakala anapukusa galamafoni. Malipenga anayamba, timitengo tinalowa, ndipo Alfonsi anaika ng'oma pakati pa maondo. Poyamba anaimba mwamantha, akuyenda kumbuyo kwa nyimbo ngati mwana wotsatira gulu la akulu. Kenako anamva mpata. Munthu wa pa lekodi uja, amene sanamuonepo ndipo sadzamuona, ankasiya kampata pakati pa kugunda kwake, ndipo mbalule inakwanamo ndendende. Uja akafunsa, iyi inkayankha. Tsitsi linamuimirira Alfonsi.

"Mwamva?" anafuula a Sakala, akuvina ndi mapewa, choko chili m'manja. "Mwamva? Akudziwana awa! Anasiyana kalekale, koma akudziwana!"

Anyamata anaomba m'manja, ena anakwera pa mabenchi. Alfonsi anaiwala mayeso, anaiwala a Hedi, anaiwala amayi ake. Anaimba ndi mphamvu zake zonse.

Koma a Sakala anakulira m'makomboni a ku Migodi. Sankadziwa kuti mbalule siinong'ona. Mawu ake amadumpha dambo, ndipo aliyense wobadwira m'midzi imeneyo amawazindikira ngati mawu a mbale wake. Amayi amene anali ku chitsime anatula mitsuko. Ana a m'mudzi wapafupi anathamangira ku sukulu kudzaona ngati Gule watuluka pa mishoni. Ndipo a Hedi aja, a Matiyasi Daka, mphunzitsi wamkulu, anaimva ali pakhonde la nyumba yawo. Sanafunse munthu. Anavala jekete.

Atalowa m'kalasi, anyamata anatsika pa mabenchi. Lekodi inali itatha, singano ikungokanda kumapeto, koma palibe anaichotsa.

"Wabweretsa chinthu ichi pa malo a mishoni ndani?"

Alfonsi anayang'ana a Sakala. Sanachite mantha kwenikweni. Ankangodikira.

"A Sakala," anatero a Daka motsitsa mawu, "ndamva kuti m'kalasi muno mumakambidwa za akapolo ndi mabwana awo, za ng'oma zoitanira anthu. Mukudziwa nyengo imene tili. Ndi Chitaganya chimenechi, apolisi angomva kuti pena pakusonkhana anyamata, abwera. Mwezi watha aphunzitsi ena achotsedwa ntchito chifukwa cha nkhani zochepa kuposa izi. Ndiye ndikufunseni pamaso pa ana: munadziwa kuti ng'oma iyi ndi yotani?"

A Sakala anayang'ana lekodi ikuzungulira.

"Ine ndinangoti tiphunzire nyimbo, a Hedi. Mnyamatayu wabwera nayo yekha. Kumene yachokera sindikudziwa."

Alfonsi anamva ngati wamuthira madzi ozizira m'khutu.

"Si choncho!" anatero Gabrieli. "Aphunzitsi ndiwo..."

"Khala chete, iwe Miti, usanamutsatire mnzako."

A Daka anatulutsa kampeni m'thumba la jekete. Anawerama, n'kung'amba chikopa kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Sichinalire. Chinangoti pwe, n'kufwamphuka.

"Njobvu, longedza katundu wako. Bambo Mfumu, wansembe wathu, akabwera ku ulendo wawo wa m'midzi ndiwauza kuti dzina lako lichoke pa mayeso. Ng'omayi itsala mu ofesi."

Njira yotulukira pa mishoni inkadutsa pakhomo pa a Sakala. Alfonsi anadutsa ndi mtolo wake pamutu dzuwa litapendeka. Anawapeza atakhala pa tsitso la khonde, mutu uli m'manja. M'nyumba khanda linkalira.

"Alfonsi, taima."

Anaima, koma sanatule mtolo.

"Wamva yekha mwanayo. Wabadwa sabata yatha. Akandichotsa ntchito, ndipita naye kuti? Iwe ndiwe mwana, Bambo Mfumu akhoza kukuchitira chifundo. Ine sangandichitire."

"Munati woyankha ndinu."

"Ndinatero."

"Ndinakuuzani kuti inali ya Gule. Munandigwira paphewa."

"Tsitsa mawu, Alfonsi."

Alfonsi anawayang'ana. Munthu uyu ndiye anamuonetsa kuti dziko ndi lalikulu, ndipo kuti manja a atsibweni ake anali ndi abale kutsidya kwa nyanja. Tsopano ankayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina angamve. Alfonsi anakonza mtolo pamutu, n'kumapita.

Amayi ake sanamukalipire. Akanamukalipira zikanakhala bwino. Anamvetsera nkhani yonse ali chikhalire, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Chikopa anachita kung'amba?"

"Inde, amayi."

Anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo anakhalitsa kumeneko. M'mawa mwake anamupatsa khasu. Inali nyengo yokumba nsawa.

Alfonsi anakumba. Mabuku ake anakhala m'mtolo osamasulidwa. Madzulo, manja ake akayamba okha kugogoda pa bondo katatu kenako kawiri, ankawaletsa mokwiya. Sankafuna kusunga chilichonse cha munthu uja. Koma nyimboyo inakana kuchoka, ndipo zimenezi zinkamupweteka koposa matuza a khasu.

Loweruka lachitatu Gabrieli anamupeza m'munda. Anakhala pa mulu wa masamba a nsawa n'kuyamba kuswa zaziwisi.

"Pakamwa pangapa ndi pamene panayambitsa zonsezi," anatero. "Ukafuna undimenye."

"Ndatopa. Ndikumenya mawa."

"Ndiye mvera. Lachisanu lotsatira utachoka, anatulutsa galamafoni monga kale. Palibe analowa. Tonse tinakakhala pa chulu chija, poti atione bwino pa windo. Anaimba lekodi yonse, mwana wa Njobvu, kuimbira madesiki! Anaitembenuza, anaimbanso. Ife chete."

"Ndani anakutumani?"

"Palibe. Dzulo anaitulutsanso. Ataona kuti sitikubwera, anabwera okha pa chulu. Akuti, 'Anyamata, simukufunanso kuphunzira?' Ine ndinati, 'Phunziro tinalimva, aphunzitsi. Chatsala n'chimodzi. Aja a ku Kyuba, pamene ankawalanda ng'oma, amene anawauza kuti aimbe ankayang'ana kuti?'"

"Unatero iwe?"

"Ine ndemwe, ndinatero."

"Iwo anati chiyani?"

"Palibe. Anaima ngati chitsa, kenako anabwerera. Galamafoni anaisiya m'kalasi, tinachita kukawapatsira akazi awo."

Alfonsi anatema khasu pansi. Ankayembekeza kuti nkhaniyo imukondweretsa, koma sinamukondweretse. Bambo Mfumu anali kubwera sabata yotsatirayo, ndipo dzina lake linali lidakali m'manja mwa a Daka.

Lachinayi masana, iye ndi amayi ake akuthothola nsawa pabwalo, agalu anauwa. Munthu ankabwera akukankha njinga, thalauza litadetsedwa ndi matope a pa mtsinje. Pa kaliyala panali chinthu chomangidwa ndi luzi m'thumba la chiguduli.

"Odi kuno."

A Magalita anayang'ana mwana wawo, ndipo nkhope yake inawauza kuti mlendoyo ndani.

"Fikani," anatero. "Alfonsi, apatse mpando."

A Sakala anakana mpando. Anakhala pansi, pa mphepete pa mphasa, chipewa chili pa bondo. Anali atawonda. Analonjerana monga mwa mwambo, kufunsana za kunyumba ndi za khanda, ngati palibe chinachitika. Kenako a Sakala anatsokomola.

"Mayi, dzulo ndinapita kwa Bambo Mfumu, a Daka ali pomwepo. Ndawauza kuti mwana wanu anandichenjeza, ine n'kumukakamiza. Ndawauza kuti ndinanama pamaso pa kalasi. Alfonsi abwerere ku sukulu Lolemba. Mayeso alemba."

Alfonsi anaweramira nsawa. Sanakweze mutu. Anapitiriza kuthothola.

"Nanga inu?" anafunsa a Magalita.

"Sanandichotse. Anditumiza ku kasukulu kena ku Malambo, kuchigwa. Akuti kumeneko ndikaimbire njovu malekodi anga." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Tinyamuka mwezi ukatha."

"Ndi khanda, ku malungo kuja?"

"Ndi khanda."

A Magalita anapukusa mutu. A Sakala anadzuka n'kumasula luzi pa kaliyala. Anaitula ng'omayo ndi manja awiri patsogolo pawo. Chikopa chinali lende mbali zonse ziwiri, phula lija lidakali pamenepo, logawika pakati.

"Ndipeza chikopa china, mayi. Ndifunafuna mmisiri."

"Ayi. Ichi anakuta mlongo wanga ndi manja ake. Chinanso chidzakhala cha wina." Anaisisita ng'omayo m'mbali. "Mwachita bwino kubwera. Mukanachita bwino koposa kulankhula tsiku lomwe lija. Mwana wanga wagona masabata atatu akuganiza kuti akulu onse ali choncho."

A Magalita analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kansengwa ka nsawa zouma. Anazikhuthulira m'thumba lija n'kulimanga pa kaliyala.

"Za mayi wa mwana. Azisinjira m'phala, mkaka ubwere." Kenako anatembenuka. "Alfonsi, aperekeze aphunzitsi ako."

Kwawoko mlendo sachoka yekha, ndipo kutalika kwa ulendo womuperekeza kumanena zimene pakamwa sipananene. Wokondedwa amafika naye mpaka ku msewu waukulu. Wongolemekezedwa amamusiya kumapeto kwa bwalo. Alfonsi anagwira njinga, monga achitira wamng'ono, n'kutsogola.

Anadutsa kumapeto kwa bwalo. Anadutsa minda ya thonje. Tcheni cha njinga chokha ndicho chinkalira. Atafika pa mtsinje, msewu waukulu udakali kutali kutsidya, Alfonsi anaima n'kupereka njinga.

A Sakala anailandira. Anamvetsa.

"Alfonsi, kodi udzandikhululukira?"

"Lolemba ndibwera ku sukulu, aphunzitsi."

"Si zimene ndafunsa."

"Ndamva zimene mwafunsa."

A Sakala anagwedeza mutu. Anapinda thalauza, anasenza njinga paphewa, n'kulowa m'madzi. Alfonsi anawayang'ana akuterereka pa miyala, thumba la nsawa likugwedezeka kumbuyo. Anatembenuka kuti azibwerera. Anayenda pang'ono, n'kuimanso.

"Aphunzitsi!"

A Sakala anacheuka ali kutsidya.

"Pa mphambano mutenge njira ya kumanja. Ya kumanzere ili ndi minga, ikuboolerani matayala."

Sanadikire yankho. Anakwera mtunda kubwerera kwawo, kukamasula mabuku.